M'buku Latsopano Fulumena Mulibe

Chiwelu, 7 Juni 2025

Kuzizila. Zala zouma, singano yandibaya kawili. Madilesi a kwaya atatu atha, asanu atsala.

Paselo ya mwana wathu Cynthia yafika pa basi ya ku Lusaka. Ine ndimati nsapato. Ayi, buku. Mphatso ya atate ake: buku latsopano la masewela athu a Mapanga, lolemela ngati njelwa, pachikuto chinjoka chamapiko chonyezimila. Bambo a Cynthia ayamba asamba m'manja ndi sopo asanalitsegule. Pa ukwati wathu sanamwetulile chonchi.

Amai ogulitsa tomato pafupi ndi shopu yanga anandifunsa mailo kuti Chiwelu chilichonse ndimatsekelanji masana, kodi ndi mapemphelo? Ndinayesa kufotokoza. Timakhala anthu anayi pakhonde. A Webster, amuna anga, wachiwili kwa ahedi kusukulu, ndiwo amagwila buku ndi kusimba nkhani: mwafika pa phanga, mwatuluka chilombo, muchita chiyani? Ife atatu, ine, a Eustace a shopu ya mbewu ndi Karen nesi, aliyense ali ndi munthu wake wolembedwa pa pepala, ndipo timanena zimene munthuyo achite. Dayisi ndiyo imaweluza ngati zatheka. Anandiyang'ana, ati, “Ndiye juga.” Si juga amai, palibe amene amawina. “Nanga mumavutikilanji?” Ndinawasiya.

Zaka naini tikusewela. Buku lakale ndinalipeza ine pansi pa belo la zovala za salaula, pakati pa majuzi, lopanda chikuto. Chiswe chinadya masamba a kumapeto, moti mpaka lelo sitidziwa mmene amaphela mfumu ya mizukwa. Timangoithawa.

Lamulo latuluka kale: pa 5 Julayi tiyamba buku latsopano, aliyense alembetsenso munthu wake. Wachiwili kwa ahedi akafika kunyumba amakhalabe wachiwili kwa ahedi.

Koma ndakondwa. Mwina Fulumena, munthu wanga wa pa pepala, apezamo nsapato zabwino.

Lachiwili, 10 Juni

Mulibe.

Ndatsegula eni ake ali kusukulu. Mutu wa mitundu ya anthu: anthu wamba, akafupi, a makutu osongoka, ziphona, ndi ena atsopano a khungu la buluzi. Ndatembenuza tsamba, zayamba za malupanga. Ndabwelela. Ndanyowetsa chala, mwina masamba amatana. Ndapita ku ndandanda ya kumapeto, mzele ndi mzele. Anthu-mbuzi mulibe. Ng'oma yochilitsa mulibe. Wochilitsa manje ayenela kukhala wansembe, wa kachisi ndi mkanjo.

Fulumena ndi munthu-mbuzi, sing'anga wa ng'oma. Nyanga ziwili, ina yothyoka nsonga. Amadya chilichonse, ndi mphatso ya mtundu wake, tsamba 41. Ndiye anadya kalata ya mfumu yolamula kuti tonse tinyongedwe, asilikali akuyang'ana, natafuna ndi chidindo chomwe. Tsiku lija a Eustace anagwa pampando ndi kuseka.

Atabwela ndafunsa. Avula magalasi, apukuta, avalanso. Ndiye kuti anadziwa kale kuyambila Chiwelu. Ati, “Amai a Cynthia, olemba anaona kuti mtunduwo sunali wofunika kwenikweni. Mungomusandutsa munthu wamba.” Nanga nyanga? Nyanga zichoke. Nanga ng'oma? Atha kunyamula, koma ikhala yovinila chabe.

Sunali wofunika kwenikweni! Olembawo anamuona kuti Fulumena? Anagonapo naye m'phanga?

Ndiwo ndathila mchele kawili. Osati dala. Mwina dala.

Lachinayi, 12 Juni

Karen wadutsa ku shopu ndi yunifomu yong'ambika thumba. Wandifufuzila pa foni. Ati si ine ndekha, kunja konse anthu akulila, wina walemba masamba asanu kudandaula za anthu-mbuzi. Mulungu amudalitse, kaya ndani. Ena akuti mwina adzawabweza m'buku lina pakapita zaka ziwili. Mwina. Ndiye zaka ziwili zimenezo Fulumena akhale kuti, pa siteshoni?

Ulusi wabuluu watha m'tauni monse.

Chiwelu, 14 Juni

Mafomu! Bambo a Cynthia ajambula okha ndi lula. Dzina, mtundu, ntchito, malo osaina.

A Eustace mano onse panja. Msilikali wawo, Chiphwanya, m'buku latsopano amamenya katatu pamene kale anali kumenya kamodzi. Asaina osawelenga. Ati, “Chitukuko ichi, amai a Cynthia.” Chitukuko! Chiphwanya ameneyo amathamangila m'phanga lililonse ngati muli mowa waulele, ndipo Fulumena wamudzutsa ndi ng'oma kakhumi ndi kanayi. Ndili ndi timizele kuseli kwa pepala.

Karen nayenso zamukhudza. Woponya mivi wake anali kukwela nthiwatiwa, manje nthiwatiwa azichotsa, kwatsala bulu ndi hatchi. Wadandaula mphindi ziwili, ati bola bulu sathawa, nasaina. Karen amaona zambili ku wodi, sangakangane pa za nthiwatiwa.

Akafupi sanunkhizanso golide. Amatsenga salankhulanso ndi achule. Olembawa anangolowa ndi chikwanje.

Fomu yanga ndaibweza yoyela. Ndinapempha bwinobwino poyamba. Ndinati tingomusiya mmene alili, ndani achoke kunja kudzayendela khonde lathu ku Petauke? Ndinati ogwila buku ndinu, ingonenani. Pamenepo aimika chala, mawu aja a pa asembule: “Lamulo ndi lamulo. Amene sali m'buku, kulibe.”

Sindidziwa chinandigwila. Ndinaimilila, mbale ya mbatata khu pansi, galu wa aneba phwando. Ndinalowa m'nyumba n'kudzitsekela. Kunja ndinamva a Eustace, “Kodi ndiye tipitiliza?” Munthu uyu!

Lachiwili, 17 Juni

Tsiku lachitatu osalankhulana. Moni yekha, ndi madzi ali kubafa.

Mailo kalata pansi pa mashini osokela, yopinda kanayi. Mutu wake, wodulidwa mzele pansi: Njila zitatu. Yoyamba, akhale munthu wamba. Yachiwili, afe mwaulemu pa Chiwelu chomaliza cha buku lakale, tidzamuimbila ndi nyimbo. Yachitatu, akhale munthu wamba wovala chipewa cha nyanga. Pansi asaina, ndi deti.

Chipewa cha nyanga. Zaka twente-thuu za ukwati.

Buluku lawo lotuwa linali kudikila kupinda. Ndalipinda. Mwendo wina wafupika ndi zala zitatu. Lelo apita nalo kusukulu osazindikila, kapena azindikila koma sakufuna kuyamba ndiwo kulankhula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba muli bwino.

Cynthia waimba, ati adadi alikonda buku? Ndati kwambili mwanangu.

Lachinayi, 19 Juni, Nyimba

Ndili kwa achimwene a Fernando. Madilesi a kwaya ndinamaliza ndisananyamuke, ndine wokwiya koma si wopenga. Ndanyamula zitenje ziwili, buku lakale, pepala la Fulumena ndi dayisi ya mbali twente. Ilipo imodzi yokha. Asewele ndi nyemba.

Minibasi yodzaza, thumba la nshawa la munthu wina pamiyendo panga njila yonse. Pa Nyimba nthochi kulowela pawindo ngati masiku onse.

Alamu a Vivian atandiona ndi chikwama pakati pa sabata sanafunse, anangoyala mphasa. Achimwene ndiwo nkhoswe yanga kuyambila pa ukwati, ndiye kufunsa ndi ntchito yawo. Wakumenya? Ayi. Mowa? Ayi. Nanga? Ndinati nkhani ndi ya Fulumena. Anaimilila kufuna nsapato, ati amakhala kuti mkazi ameneyo. Zinanditengela ola lathunthu. Atamvetsa ati, “Ndiye kuti mlongo wanga wathawa banja chifukwa mwamuna wamuletsa kukhala mbuzi.” Alamu anathawila kukhitchini, mapewa akugwedezeka.

Sekani, sekani.

Chiwelu, 21 Juni

Chiwelu choyamba chopanda Mapanga kuyambila pa malilo a apongozi. Tsiku lonse kutongola chimanga ndi alamu. 2 koloko itakwana dzanja linayamba kufuna dayisi.

Foni zii. Uthenga umodzi chabe, wa a Eustace: “Mwaonako dayisi yaikulu?” Foni ndinaibweza m'chikwama.

Ndakhala ndikudzifunsa, iwe Teresa, mkazi wamkulu, wa mwana ku koleji, ukulilila pepala? Lelo potongola ndakumbuka. Sindinafune.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Nkhondo ya kwathu ku Mozambiki itatha, kampu akutseka, malole akubweza anthu. Amayi anakana kukwela. Atate anali atagona kale m'nthaka ya kuno, chimanga chili m'munda, kubwelela kwa yani? Tinatsala. Patapita miyezi tinapita pa ofesi ina, ine ndi amayi, pa mzele kuyambila m'mawa. Kalaliki wa malaya oyela, buku latsopano patebulo, lakale analitumiza kaya kuti. Anayendetsa chala kutsika, kukwela. Amayi anatchula dzina lawo katatu, ndi la atate, ndi nambala ya nyumba ya ku kampu. Iye osakweza ndi mutu womwe. “Simuli m'buku. Kwa ife kuno kulibe munthu wotelo. Wotsatila.” Amayi ali chiimile pamenepo, thukuta kamukamu, ine nditagwila nsonga ya chitenje chawo. Anayankha kuti zikomo bambo. Zikomo!

Anamwalila alibe pepala lililonse. Ine chitupa ndinadzachipeza ndili wamkulu. Zimenezo bambo a Cynthia amazidziwa, mafomu anandithandiza ndiwo. Koma za tsiku lija sindinawauzepo.

Ndawasowa, chitsilu cha munthu, ndi lula yawo.

Ndauza achimwene za tsikulo pomanga matumba. Sanaseke. Atumiza mawu ku Petauke.

Lachitatu, 25 Juni

Ankhoswe akumana Chiwelu. Alamu abwelekela buku lakale, akufuna kudziwa ngati a makutu osongoka amakwatiwa. Ndawasokela zipi ndi manja. Msana.

Sondo, 29 Juni, Petauke

Mailo mlandu. Anafika 10 koloko, bambo a Cynthia ndi amalume awo a Simon Lungu, mkulu wa mpingo ku Msanzala, ndiwo nkhoswe ya kuchimuna. Tambala m'manja, buku latsopano m'pulasitiki. Buluku lomwe lija. Aonda, kapena ndi maso anga.

Pemphelo lalitali. Kenako a Simon ati pa zaka zawo zonse aweluzapo za chigololo, za ng'ombe, za apongozi olowelela, koma munthu wa pa pepala sangamuweluze asanamuone. Tiwaonetse.

Ndiye tinasewela, pansi pa mtengo wa mango, mabuku onse awili pampando. A Simon anasankha chiphona. Alamu a Vivian wa makutu osongoka, anali atakonzeka kale ndi dzina lomwe. Achimwene anafunsa ngati alipo mlimi. Mulibe, m'mabuku onse awili. Ati, “Nanga anthu amenewa amadya chiyani?” Anatenga wakuba. Pasanathe ola mkulu wa mpingo jekete atavula, akukuwa “Chiponde! Chiponde!” pa chilombo cha mitu iwili, mpaka azimayi opita ku chigayo kutula matumba pamsewu. Chiphona chitavulala Fulumena anaimba ng'oma, chinadzuka. A Simon anandigwila dzanja ndi manja awili, ati Mulungu akudalitseni amai.

Mlandu unakumbukika 3 koloko. Bambo a Cynthia analankhula bwino, ndivomele. Ati ukalola mmodzi, mailo a Eustace adzafuna kumenya kasanu, masewela opanda lamulo ndi phokoso chabe. A Simon kuvomela ndi mutu. Ndinaona kuti ndaluza.

Achimwene sanayankhe za masewela. Analoza munda, nkhokwe, ndi mango amene tinakhala pansi pake, obzala amayi. Ati, “Alamu, buku latsopano litabwela ife munalibe. Chimanga chinamelabe.” Kenako anandiyang'ana. Ndinanena ndekha za kalaliki uja, zonse, mpaka zikomo. Ndinamaliza ndikumina m'chitenje pamaso pa amalume. Manyazi!

Bambo a Cynthia anavula magalasi. Sanapukute, anangowagwila.

Chigamulo cha ankhoswe: mkazi abwelele kunyumba, buluku likonzedwe, za buku akamalize eni ake. A Simon anawonjezela kuti chiphona chawo asachipatse munthu wina. Tambala tinadya.

M'minibasi, tikufika pa mphambano ya Petauke, bambo a Cynthia anatembenukila kwa ine. Ati, “Sindinadziwe.” Ndinati sindinanene.

Za Fulumena palibe chimene anena. Kwatsala masiku sikisi.

Lachinayi, 3 Julayi

Bambo a Cynthia abwela ku shopu masana, nthawi ya sukulu! Mabuku onse awili kukhwapa, ndi lezala. Munthu amene amalanga ana chifukwa chopinda ngodya ya tsamba. Adula tsamba 41 m'buku lakale, ndi lina lija la ng'oma. Ati lamulo silinasinthe, amene sali m'buku kulibe, ndiye alowe m'buku. “Guluu amamatuka. Sokani.”

Ndasoka ndi manja, ulusi wa jinzi, pakati pa a makutu osongoka ndi ziphona. Masamba achikasu, odyedwa m'mphepete, pakati pa oyela onyezimila. Sakuoneka bwino ngakhale pang'ono, koma sangachoke. Fomu ndasaina. Mtundu: munthu-mbuzi. Aiwelenga kawili, apeza kuti ndaiwala deti.

Amai a tomato anasuzumila, ati manje mwayamba kusoka ndi mabuku omwe?

Karen akamva afuna nthiwatiwa yake. Si nkhani yanga.

Chiwelu, 5 Julayi

Fulumena wafa.

Phanga loyamba la buku latsopano. A Eustace, ndi kumenya kwawo katatu, athamangila mkati osayang'ana. Mlatho wa zingwe, thabwa lovunda, Chiphwanya lende pa phompho. Fulumena wapita kukamukoka. Wamukoka, ulendo wachikhumi ndi chisanu womupulumutsa. Chingwe chaduka iye akali pakati. Bambo a Cynthia ati ponyani, chilichonse choposa faivi apulumuka.

Wani.

Kenako amuna anga atsokomola, ati dayisi inatsamila mbale, siiwelengedwa, ponyaninso. Panalibe mbale. Ndaponyanso, nanga ndine wopusa? Thuu. Ati tebulo likugwedela, a Eustace ikani kapepala pansi pa mwendo. A Eustace agwada msangamsanga, maso ofiila. Karen akuyang'ana kudenga.

Dayisi m'dzanja, yofunda. Ndinawayang'ana. Thukuta pamphumi mu Julayi, munthu akunama koyamba pa zaka naini, ndipo kunamako sakudziwa n'komwe. Ndimawakonda bambo amenewa, ndilembe pano pamene saona. Ndinaika dayisi pansi. Ndinati basi bambo a Cynthia, msiyeni. Wagwa ndi nyanga zake, ali m'buku. Ndizo ndinali kufuna.

Asimba kugwa kwake bwinobwino, ng'oma ikumveka mpaka pansi pa phompho. A Eustace alila mokweza ngati ofedwa ndiwo, nadya mbatata zonse.

Nanenso ndalila, kubafa.

Alendo atapita andipatsa fomu ina. Mtundu ndalemba osaganiza. Pa dzina ndakhala nthawi, bolopeni m'kamwa. Ndalemba Rozalina, dzina la amayi. Akanamva kuti ndawapatsa nyanga akanandithamangitsa mpaka ku Kacholola.

Aiwelenga. Ayang'ana dzinalo nthawi yaitali, asaina. Ati, “Muwauze amai Rozalina kuti Chiwelu afike msanga. Tiyamba 2 koloko.”